Mkamwini Amene Analavula Madzi Pamaliro

A Nakoma tawaika sabata yatha kumanda a m'tauni muno mu Zomba, pakati pa anthu amene sanapatsanepo nawo moni. Kumanja kwawo kwagona mphunzitsi wina wochokera kumpoto, kumanzere kuli kamtumbira ka khanda kopanda ndi mtanda womwe. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Songani, kumene analowa ali ndi ndevu zoyamba nkukhalako mpaka imvi, kunachokera anthu oti ukanawakweza onse pangolo imodzi malo nkutsala. Ndinapita ndekha kukapempha kuti mtembo ukalowe kumanda akwathu, pafupi ndi mkazi wawo. Amalume anga, a Dayisoni, anandiyankha ali chikhalire pampando kuti mlandu suwola. Mlandu wakewo ndi wa malovu. Munthu wamkulu anataya mudzi, nyumba ndi manda chifukwa cha malovu amene dzuwa linawaumitsa tsiku lomwelo, ndipo ine mtima ukundiwawabe.

Anali mwamuna wa amayi anga aakulu, a Enelesi, ndiye ine ndinakula ndikuwaitana kuti ababa. Mulungu sanawapatse mwana, ndipo kwathu mkamwini wopanda mwana amakhala ngati munthu wousa mvula pakhonde la eni: ikangokata, eni ake amayamba kumuyang'ana. Kwawo kunalibe. Anabadwira pa esiteti ya fodya, makolo awo ali Alomwe odzagwira ntchito, ndipo esitetiyo itasintha manja nyumba za antchito zinagwetsedwa, pamanda a makolo awo nkumera chimanga. Ukawafunsa kuti kwanu nkuti, ankangoponda pansi ndi chidendene. Ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene a Enelesi adzatsikire kuli chete, kukhala kwawo pamudzi kudzakhala m'manja mwa alamu awo, a Dayisoni, eni mbumba. Munthu wochenjera akanawanyengerera alamu otero. A Nakoma anali ndi nzeru zambiri, koma nzeru imeneyo yokha analibe.

Musaganize kuti ndikulira munthu wofatsa. Anali aatali, owonda, ouma mutu, ndipo sankadziwa kuti chilungamo china chimafunika kuchiphimba ndi nsalu. Mkulu wa mpingo akatalikitsa pemphero, iwo ankatsokomola mpaka amen amveke. Mayi akawapatsa thobwa losasa, ankamuuza pomwepo, anthu ali gwaa. M'thumba la jekete ankasungamo mtedza wokazinga wa ana, koma potipatsa ankatinyoza kuti tili ndi mamina ngati ana a mbuzi. Akakondwa nane ankanditi mayi. Ndikawakwiyitsa ankati, iwe wa kwa a Dayisoni, ndipo limenelo linali tsoka lalikulu limene ankadziwa kutemberera nalo munthu.

Unyamata wawo wonse anayendetsa lole yaboma yotsitsa zipika za paini kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba. Ankati msewu wa phiri lija ndiwo unawaphunzitsa madzi, chifukwa pokwera injini imatentha mpaka chilichonse chimene unaibisira chimaululika. Anzawo amene ankathira m'rediyeta madzi a m'ngalande ankawapeza pakona atatsegula boneti, nthunzi ili tolotolo, ndipo a Nakoma ankawadutsa akuliza hutala, kenako nkubwerera kudzawakoka akuwalalatira. Matipati atabwera, ntchito zambiri zaboma zinatha, yawonso inathera pomwepo. Malole akale anayamba kugulitsidwa, iwo nkutengapo imodzi, yomwe ankayendetsa ija. Anafika nayo kumudzi masana, ana tikuithamangira, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kunong'ona kuti a Enelesi aona mwana paukalamba, koma wamatayala.

Mwanayo ankamwa zosankha. Kumapeto kwa mwezi a Nakoma ankapita kusitolo ya mmwenye wina wogulitsa zipangizo zagalimoto m'tauni, nkukagula kulanti, mankhwala obiriwira aja oziziritsa injini. Ankasakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire akawapeza. Akasowa, ankagwiritsa madzi amvula, koma osati a mvula yoyamba, imene ankati imangotsuka fumbi ndi zitosi padenga. Ankadikira malata ayere, nkukinga madzi m'migolo yapulasitiki, kuwasefa ndi nsalu, nkuvundikira. Migoloyo inali yoletsedwa kwa aliyense. Tsiku lina mvula itasowa, mayi wina anatungamo kapu imodzi yoti amwetse mwana mankhwala. A Nakoma anamulola, koma anaimirira pomwepo kuonetsetsa kuti kapuyo ndi yotsuka.

Wina akawafunsa chifukwa chake, ankalowa m'khitchini mwa a Enelesi osaodira, nkutulutsa ketulo. Ankamuonetsa munthuyo zoyera zolimba zimene zinamata pansi pake, nkumuuza kuti akande ndi chikhadabo. Ankati madzi a pansi panthaka amanyamula mchere ndi laimu zosaoneka ndi maso, ndipo akawira amasiya katundu wawoyo pachitsulo. Ketulo ili ndi mimba yaikulu, ikhoza kupirira, koma tinjira ta m'rediyeta ndi tating'ono ngati udzu, tikatsekeka madzi sayenda, injini nkupsa. Mcherewo umadyanso chitsulo m'kati mwakachetechete, mpaka pampu yamadzi nkuyamba kudontha. Ankatinso kulanti ali ndi mphamvu yoletsa dzimbiri, koma ukamusakaniza ndi madzi amchere mphamvuyo imathera pomenyana ndi mcherewo asanayambe ntchito yake. A Enelesi ankalanda ketulo yawo akudandaula kuti yasanduka bolodi ya kusukulu.

Choipa chawo chachikulu chinali kulawa. Madzi alionse amene akumana nawo, a pachitsime, a pamtsinje, a pampopi wa kusiteshoni, ankatapa m'dzanja, kuwazunguza m'kamwa maso ali m'mwamba, nkulavulira pambali. Lilime lawo linkadziwa madzi a pamwamba pa phiri, amene ankati ndi opepuka, ndi a kuchigwa, amene ankati ndi olemera. Ankachita zimenezi paukwati, pamsika, ngakhale pakhomo pa abusa. A Enelesi analankhula mpaka kutopa. Mudzi wonse unkadziwa khalidweli, ndipo ana tinkaliyeserera kuseri kwa nkhokwe. Ndikunena izi kuti pasapezeke wondiuza kuti a Dayisoni sankadziwa.

Chidani chawo ndi alamu awo chinakula ndi mjigo. Unabwera chaka cha masankho, ndi anthu ofuna mavoti, ndipo kunena zoona unatipulumutsa, chifukwa kale tinkamwera limodzi ndi ng'ombe kudambo. A Dayisoni anasankhidwa kukhala tcheyamani wa komiti ya mjigowo, ndipo tsiku lotsegulira anavala tayi ngakhale kunali kutentha. Kapu yoyamba inazungulira akuluakulu. Itafika kwa a Nakoma, iwo anachita zawo zija, nkulavulira pambali.

"Bwanji alamu, madzi athuwa sakukoma?" anafunsa a Dayisoni.

"Kumwa amweka, alamu. Koma lole yanga isawaone."

"Ndiye kuti achemwali angawa azimwa, koma chitsulo chanucho ayi?"

"Achemwali anuwo ali ndi impso. Injini ilibe."

Anthu anaseka, alendo a chipani nawonso anaseka, koma a Dayisoni sanaseke. Madzulo ake nkhani inali itamera nthenga: akuti a Nakoma anyoza mjigo, akuti ndi a chipani china, akuti amakonda galimoto kuposa mkazi. Iwo ankamwa madzi a mjigowo tsiku ndi tsiku ngati wina aliyense. Ankangoti thupi la munthu limatulutsa mchere likakataya madzi, pomwe injini imasunga chilichonse chimene waipatsa.

Lole ija ikuyendabe, ndisaiwale kunena. Mwini wake watsopano amanyamulira mchenga ndi njerwa, ndipo ndimakumana nayo kawirikawiri ikukwera chitunda cha ku Masongola. Anandiuza yekha kuti atatsegula rediyeta anapeza m'kati muli mbee, ngati yangochoka kumene kusitolo. Ankaganiza kuti ndisangalala. Ine ndinangomuyang'ana, chifukwa ndikudziwa chimene chinalipira ukhondo umenewo.

Agogo anga, amayi awo a Enelesi ndi a Dayisoni, anamwalirira kuchipatala m'tauni mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale mbuzi zimasowa pobisala. Lole ya a Nakoma ndiyo inkanyamula maliro onse a m'mudzi, sankadikira kupemphedwa kawiri, ndiye pa apongozi awo anadzuka m'mamawa, kuitsuka, nkuyalamo mikeka. Kumbuyo, pakona, anamangirira chigubu chachikulu cha madzi awo osakaniza kale, monga ankachitira ulendo uliwonse. Anthu okatenga maliro anachuluka. A Nakoma ali m'kati kuthandiza kunyamula bokosi, a Dayisoni anauza anyamata kuti atsitse chigubucho, achisiye kwa mlonda wa pageti. Anati tabwera kudzatenga amayi, osati madzi. Pamalo pake panakhala azimayi awiri a mvano.

Tinadutsa m'tauni tikuimba, tinadutsa Songani, nkupatuka kulowa msewu wafumbi. Tisanapite patali payipi ya rediyeta inaphulika. Nthunzi inatuluka, lole nkuima pamtetete, popanda ndi mtengo umodzi womwe. A Nakoma sanatekeseke. Anadikira injini ipoleko, anadula pamene panang'ambika, nkubwezeretsa payipiyo ndi waya. Kenako anazungulira kumbuyo, nasuzumira pakona paja.

"Chigubu changa chili kuti?"

Azimayi a mvano aja anayang'ana m'mabuku awo a nyimbo.

Pafupi panali mudzi wina, ndipo azimayi akumeneko ataona bokosi sanadikire kuuzidwa. Anathamangira kumjigo wawo, nabwera ndi ndowa pamutu, nkuzitula pambali pa lole atagwada, monga anthu amachitira pamaliro a munthu amene sakumudziwa. A Nakoma anawathokoza. Kenako anatapa m'dzanja, anazunguza m'kamwa, natembenuka kuti asalavulire amayi ogwadawo. Kumene anatembenukirako ndi kumene kunali bokosi. Malovu anagwera pafumbi, pafupi ndi tayala lakumbuyo.

Kwathu munthu salavula pamaliro. Ngakhale fungo likuvute bwanji, umameza malovu, chifukwa kulavula ndiko kulengeza kuti wakufayo wanunkha. Ndipo tsikulo bokosi linali litakhala padzuwa kuyambira m'mawa, moti aliyense mumtima ankaopa chinthu chomwecho osachitchula. Nyimbo inaduka pakati pa mzere. Abale ochokera kutali, amene sankadziwa za kulawa kuja, anagwira pakamwa. Azakhali ena anayamba kulira mwatsopano, kulirira manyazi osati imfa. A Dayisoni akanangonena mawu amodzi, kuti awa ndi mmene amachitira ndi madzi, nkhani ikanathera pamsewu pomwepo. Anayang'ana malovuwo nthawi yaitali kuti aliyense aone kuti awaona.

"Alamu, thirani madziwo tizipita," anatero pomaliza.

"Awa ayi. Ndi amchere kuposa akwathu."

"Amayi ali padzuwa."

"Mukanasiya chigubu changa bwenzi pano tili kumudzi."

A Enelesi anatsika m'lole pang'onopang'ono, maso atatupa, nakagwada pafupi ndi amuna awo. Analankhula motsitsa, koma kunali zii moti tonse tinamva.

"Abambo, lero lokha. Thirani, mawa mudzakhuthula, mudzatsuka."

"Enelesi, mcherewu ukalowa sutuluka wonse."

"Ndi amayi anga awa, abambo."

A Nakoma anawayang'ana akazi awo, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti dzanja lawo linapita pa ndowa. Pomwepo a Dayisoni anauza mnyamata wina kuti anyamule ndowayo athire yekha, poti mwini galimoto wagwidwa mseru. Dzanja lija linabwerera. A Nakoma anatseka boneti, anakhoma chitseko, makiyi m'thumba, nabwereka njinga kwa munthu wodutsa. Anati akukatenga chigubu chawo, abwera posachedwa, nalunjika kutauni.

Palibe anawadikira. Amuna anatsitsa bokosi nkuliika pamapewa, kumasinthana, fumbi likuotcha mapazi. A Enelesi anaima pakati pa msewu, kuyang'ana uku kumene kwapita amuna awo, uku kumene akupita amayi awo, kenako anatsatira bokosi. Agogo analowa m'mudzi mwawo ngati munthu wopanda mkamwini. Lole inafika anthu akusamba m'manja pochokera kumanda. Inalowa yopanda kanthu, injini ikulira bwinobwino, ndipo anthu anaipatukira osatembenuka.

Atameta maliro, akuluakulu a banja anakhala pansi. Sanafune zambiri: nkhuku imodzi ndi mawu opepesa, kuti analavulira apongozi awo. A Nakoma anati pa kuchedwetsa maliro akhoza kupepesa, ngakhale mbuzi apereka, koma chimene sanachite sangachivomere.

"Ndinalavula madzi, sindinalavule maliro. Alamu akudziwa."

Onse anatembenukira kwa a Dayisoni.

"Ine ndinangoona malovu basi," anatero amalume. "Za m'kamwa mwa munthu ndingazidziwe bwanji?"

Patapita masiku a Enelesi anagwira tambala wawo wamkulu, namubisa m'chitenje, nakamupereka kwa achimwene awo. A Dayisoni anamubweza ndi mwana, akuti nkhuku ibwere m'manja mwa amene analavula. Tambalayo anakalamba pakhomo mpaka anafa yekha.

Zaka zinapita. Lole inapitiriza kunyamula maliro a mudzi wonse, odwala ndi chimanga cha kumunda. Anthu ankakwera, koma moni ankapereka kwa a Enelesi okha. Ana obadwa pambuyo pake ankawaitana a Nakoma kuti a Malovu, osadziwa ndi chiyambi chake chomwe. Mtolo wonsewu unagwera amayi aakulu. Kumjigo azimayi ankasiya nkhani iwo akafika, kwa achimwene awo ankalowa ngati mlendo, kunyumba ankapeza mwamuna amene sankafuna kumva dzina la nkhuku. Sindinawamvepo akudandaula, koma anaonda ndi kufupika tikuona. Pa ichi ndimawakwiyira ababa mpaka lero, ngakhale ali m'manda. Ankamva injini ikasintha kaliridwe pang'ono chabe, koma mkazi wawo ankatha pamaso pawo.

Ndinawafunsa kamodzi, atakalamba kale, ngati ndowa imodzi ija ikanaphadi lole. Anati ayi, kamodzi sikupha, bola ukhuthule msanga ndi kutsuka bwino. Chimene chimapha ndi chizolowezi. Ndiye ndinawafunsa kuti nanga bwanji. Anati pamudzi paja munda unali wa eni, malo a nyumba a eni, mango amene anadzala okha ankatchedwa a kwa a Enelesi. Malo okhawo amene mawu awo ankakhala omaliza anali pansi pa boneti. Alamu awo anatsitsa chigubu osawauza, kenako nkutuma mwana kuti athire madzi m'galimoto mwawo iwo ali poteropo. Anati akanalola tsiku limenelo, sakanatsala ndi kanthu. Ndinawauza kuti ngakhale choncho sanatsale ndi kanthu. Ananditcha wa kwa a Dayisoni, ndipo sanandilankhule mpaka tiyi anazizira.

A Enelesi anadwala nyengo imodzi ya dzinja, nkupita. Kwathu maliro akatha pamakhala kusudzula, kumasula wamasiye kuti akhoza kupita kwawo kapena kukwatira kwina. Kwa nkhalamba imene yakhala bwino ndi anthu, umangokhala mwambo chabe: amaiuza kuti takumasulani, koma khalani, pano mpanu. A Nakoma anabwera pabwalo atavala jekete, atameta bwino, nakhala pamphasa manja ali pamaondo. Ndikhulupirira kuti ankayembekezera mawu amenewo.

"Alamu, takusudzulani," anatero a Dayisoni. "Mwamwayi inu muli ndi galimoto, ulendo sukuvutani."

"Ndipite kuti, alamu?"

"Kumene kuli madzi abwino."

Azimayi onse, amene anakwera lole ija popita kukachira ndi pokaika ana awo, anayang'ana mphasa. Ine ndinayamba kulankhula, nkuuzidwa kuti pabwalo la akulu mwana sayankha. A Nakoma sanapemphe kachiwiri. Anapakira bedi, mpando, migolo yawo ndi ketulo ya akazi awo. Nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi manja awo anaisiya chitseko chili pululu.

Anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu ku Mbedza. Ndinawapempha kuti adzakhale kwathu, koma anati sanatuluke m'chikamwini chimodzi kuti akalowe china. Maso atayamba kuchita khungu anagulitsa lole, ndipo masiku awo ankathera pakhonde la sitolo ya mmwenye uja. Mwini sitoloyo, nkhalamba inzawo, anawaikira mpando pamenepo, ndipo mmwenyeyo akabwera kuchokera kumzikiti masana ankamwera limodzi tiyi, kukangana za magalimoto amene anatha kalekale. Anyamata a minibasi akagula kulanti, a Nakoma ankawaitana kuwafunsa kuti akasakaniza ndi chiyani. Anyamatawo ankaseka, amvekere, madala, madzi ndi madzi, nkukatunga mumtsinje pansi pa mlatho. Iwo ankawatukwana mpaka minibasi itazimiririka, kenako nkufunsa aliyense wochokera njira ya ku Songani ngati kumudzi kwagwa mvula. Anamwalira m'kachipinda kaja. Anawapeza ndi mwini sitolo, ataona kuti mpando wakhala wopanda munthu mpaka dzuwa kupendeka.

Nditapita kukapempha manda ndinanyamula nkhuku. Ndinkadziwa kuti nchabe, koma ndinanyamula. A Dayisoni akalamba, akutsokomola, tayi anasiya kalekale, ndipo mjigo uja unathyoka palibe woukonza. Ndinagwada, nkunena kuti munthuyu anakunyamulirani maliro a mudzi wonse, lolani mudzi umunyamule kamodzi.

"Wakutuma ndani, iwe?"

"Palibe, amalume."

"Ndiye nkhukuyo ndi ya ndani?"

"Ndi ya ababa."

"Akanabwera nayo okha. Miyendo anali nayo."

Ndinawafunsa ngati sankadziwadi chimene ababa analavula tsiku lija. Anatsokomola, natembenukira pambali, nkulavula. Kenako anati mlandu suwola, nandiuza kuti ndipereke moni kwa ana.

Dzulo ndinabwereranso kumudzi, osati kwa amalume, koma kumanda, kukawauza amayi aakulu kuti amuna awo anyamuka ndipo asawadikire. Anandiperekeza mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda akwathu. Manda adzaza zaka zimenezi, mitumbira yathithikana moti poyenda umachita kupendeka, ndipo ayamba kale kuswa tchire latsopano kumunsi. Koma pambali pa a Enelesi, mbali ya kuphiri, pali malo opanda kanthu. Ndinafunsa chifukwa chake. Mkuluyo anati tsiku lokumba manda a amayi aakulu, a Nakoma anabwera okha kumandako, chinthu chimene wamasiye sachita, nawapempha kuti asendeze pang'ono, asiye malo. Anagona pansi pomwepo ndi jekete lawo kuti adzukulu ayeze, nadzuka, nasansa fumbi, nkubwerera kusiwa. A Dayisoni analamula kangapo kuti pakumbidwe, koma adzukulu ankazemba, amati khasu silikumba pamalo amene mwini wake akadapuma.

Ndinafunsa kuti nanga tsopano patani. Anati poti mwini wake wagona kwina, malowo abwerera kubanja, adzagonapo wamkulu amene adzatsogole. Sanatchule dzina, ndipo sindinafunse, chifukwa wamkulu watsala m'modzi.

Ndi malo osalala, audzu waufupi, ndipo m'makona anayi muli miyala imene adzukulu anaika kuti asaiwale malire. Mthunzi wa mtengo wa msuku umafikapo masana, ndipo ukaimapo phiri limaoneka lonse. Anayezera munthu wamtali. A Dayisoni adzakwanapo bwinobwino, malo nkutsalako kumapazi.